Mwana Wosamva: Kodi Ndi Mwano Kapena Ndi Khutu?

M'cinenero cathu muli mau amodzi amene amasenza akatundu awiri. Tikanena kuti "mwana uyu ndi wosamva," tingathe kutanthauza kuti ndi wamwano, komanso tingathe kutanthauza kuti makutu ake sagwira bwino nchito. Popeza mau ake ndi amodzi, kawirikawiri timasokoneza ziwirizi, ndipo amene amalipira mlandu ndi mwana. Ine ndinazisokoneza kwa caka cathunthu, ndico cifukwa cake ndalemba nkhani ino.

Zaka zingapo zapitazo ndinali kuphunzitsa ana pa chalichi cina ca kumudzi, muno m'boma la Chadiza. Pakati pao panali mnyamata wa zaka 9 amene anali kukonda kukhala kumbuyo. Ndikamfunsa za kum'mawa, iye anali kuyankha za kumadzulo. Ndikalankhula nditatembenukira ku bolodi, sanali kucita kanthu. Ndikamuyang'ana, anali kundipenyetsetsa pakamwa monga munthu wofuna ndeu. Anzake anali kumseka, ndipo ine ndinamuika m'gulu la osamva, ndi kumkumbutsa mwambi wa uja anamva nkhwangwa iri m'mutu. Tsiku lina mtima utandipsa ndinamkoka khutu. Mwanayo analira kulira kosiyana ndi kwa mwana wolangidwa, ndipo pa zala zanga panatsala mafinya onunkha.

Madzulo ake ndinapita kwa ambuya ake amene anali kumlera. "Aphunzitsi," anatero ambuyawo, "makutu amenewo anayamba kukha mwanayu akukwawa. M'cilimwe amauma, cimfine cikabwera ayambanso. Tathiramo madzi a masamba, tapukuta ndi nthenga ya nkhuku, koma sizinathandize. Tinangoti adzaleka okha akakula."

Ndinabwerera kunyumba ndi manyazi aakulu. Mwana uja sanali kundiyang'ana pakamwa cifukwa ca mwano iai. Anali kuwerenga milomo yanga kuti atoleko mau amene makutu ake anali kutaya. Kuyambira tsiku limenelo ndinayamba kufunsafunsa za matenda a makutu ndi za anthu amene amawaciritsa, ndipo zimene ndinapeza ndafuna kugawana nanu, awerengi anzanga.

Madotolo a zilembo zitatu

M'zipatala zazikulu muli citseko colembedwa zilembo zitatu, ENT. Kuseri kwa citseko cimeneco kumagwira nchito madotolo a makutu, mphuno ndi khosi. Munthu amayamba waphunzira udotolo zaka 6 kapena 7, nagwirako nchito, kenaka ndi kuonjezerapo zaka zina 4 kapena 5 kuphunzira ziwalo zitatu zokhazi ndi opaleshoni yake. Amagwira nchito pamodzi ndi akatswiri ena oyeza kamvedwe ka munthu ndi makina, ndiponso anesi ophunzitsidwa za makutu.

Mwina mungafunse kuti n'cifukwa ninji ziwalo zitatuzi zinapatsidwa dotolo mmodzi. Yankho lake n'lakuti ziri ngati nyumba zitatu zokhala pa bwalo limodzi. Khutu limene timaona panja ndi khomo cabe. Mukalowa mkati muli kanjira ka masentimita awiri ndi theka, ndipo kumapeto kwake kuli kacikopa kopyapyala kokungidwa ngati ng'oma. Mau akagunda kang'oma kameneka kamanjenjemera, ndi kugwedeza timafupa titatu tating'onoting'ono timene tiri kuseri kwake. Timafupato timapereka mau ku kaciwalo kopindika ngati nkhono, ndipo m'menemo mau amalowa mu mtsempha wopita ku ubongo.

Kacipinda kamene kali kuseri kwa kang'oma kali ndi kampope kotsikira kumbuyo kwa mphuno, pamwamba pa mmero. Ndico cifukwa cake mukameza malovu pokwera phiri mumamva makutu akutseguka. Mwa ana aang'ono kampope kameneka n'kakafupi ndiponso n'kogona, motero cimfine ca m'mphuno sicivutika kukwera kupita kukhutu. Dotolo amene afuna kuciritsa khutu ayenera kudziwanso mphuno ndi mmero, pakuti moto ukabuka m'nyumba imodzi sucedwa kugwira inzake.

Khutu lokha mafinya

Matenda amene anagwira mnyamata uja amayamba motere. Mwana adwala cimfine, kenaka thupi litentha, usiku alira akugwira khutu. Mafinya amakhala atadzaza kuseri kwa kang'oma ndipo akukankha. Kakaboka, mafinya amatuluka, ululu umaleka, mwana amagona, ndipo ife makolo timati wacira. Pamenepa ndi pamene timanyengedwa. Nthawi zambiri kabowo kamatsekeka kokha ngati khutu lalandira mankhwala ndi kusungidwa louma. Koma likapitiriza kukha kupyola masiku 14, acipatala amati matenda akhazikika. Bowo limakula, timafupa tija timayamba kudyeka, ndipo kumva kumacepa pang'onopang'ono, mwakuti a m'nyumba sazindikira.

Coopsa cina n'cakuti pakati pa khutu ndi ubongo pali fupa lopyapyala kwambiri. Mafinya angathe kudutsa ndi kuyambitsa matenda oumitsa khosi kapena cithupsa ca mu ubongo, ndipo zimenezi zimapha. Cotero mukaona kuseri kwa khutu kwatupa ndi kuwawa, khutu lakankhidwira kutsogolo, kapena mwana wa khutu la mafinya akudandaula mutu kwambiri, akusanza, akucita cizungulire, kapena pakamwa papotokera mbali imodzi, musadikire kuti kuce kawiri. Nyamukani tsiku lomwelo.

Thandizo loyamba siliri kutali, liri pa kiliniki yathu yomweyi. A nesi kapena a clinical officer amaunika m'khutu ndi kanyali, napereka mankhwala akumwa kapena odontheza, ndi kuphunzitsa mai kapukutidwe kake. Amapota kansalu koyera kofewa kapena pepala lofewa ngati cingwe ca nyali, nalowetsa pang'ono kuti kamwe mafinya, ndi kusintha mpaka katatuluka kouma. Zimenezi zimacitika katatu pa tsiku, ndipo mankhwala amadonthezedwa khutu litauma. Posamba madzi asalowemo, ndipo mwana wotere asasambire mu mtsinje kapena m'damu. Madzi a masamba, mkaka wa m'mawere, parafini ndi mafuta a galimoto si mankhwala a khutu. Polowa pa bowo lija zimakafika pa malo amene sanayenere kukhudzidwa ndi kanthu.

Ngati khutu lauma koma bowo latsala, kapena ngati mafinya onunkha sakuleka ngakhale mankhwala aperekedwa, pamenepo pafunika katswiri. Iye amagwira nchito akuyang'ana pa makina okulitsa zinthu. Amatenga kacikopa kopyapyala pa thupi la wodwala yemweyo, pafupi ndi khutu, naika cigamba pa kang'oma. Ngati fupa la kuseri kwa khutu lawola, amalipala ndi kucotsa zoola zonse. Ana ena alibe mafinya otuluka, koma kuseri kwa kang'oma kuli madzi onanda amene amawacititsa kumva ngati ali pansi pa madzi. Ameneŵa madzi akakana kuphwa okha, dotolo amaika kampope kakang'ono pa kang'oma kuti mphepo izilowa.

Bungwe la zaumoyo la dziko lonse, la WHO, linatulutsa lipoti mu 2021 lonena kuti anthu oposa 1.5 biliyoni pa dziko lapansi ali ndi vuto la kumva, ndipo 430 miliyoni mwa iwo afunika thandizo. Bungwe lomweli limanena kuti mwa ana 10 osamva bwino, pafupifupi 6 akadapewa vutolo. Awa si mau opepuka kwa ife makolo. Njira zake zina tiri nazo kale m'manja: katemera ndi sikelo. Mu 2013 dziko lathu linayamba kupereka katemera wa cibayo, amene amalimbananso ndi tizirombo tina toyambitsa matenda a khutu ndi oumitsa khosi, ndipo mu 2016 ana anayamba kulandira katemera wa cikuku wophatikiza ndi wa rubella. Rubella ndi matenda ooneka opepuka, koma akagwira mai wapakati mwana angabadwe wosamva. Cindoko cosaciritsidwa mwa mai wapakati, cikasu cacikulu mwa khanda, cikuku ndi matsagwidi nazonso zimagonthetsa.

Njere m'khutu, njere m'mphuno

Ife alimi tiri ndi nyengo yathu ya ngozi. Pa nthawi yokolola ndi yotongola cimanga, ana amasewera pakati pa njere, ndipo mwana wamng'ono saona bowo osafuna kuikamo kanthu. Cimanga, nyemba, soya, mikanda ndi timiyala zonsezi madotolo amazitulutsa m'makutu ndi m'mphuno.

Cimene cimaononga kwambiri si njereyo iai, koma kulimbana nayo kunyumba. Mai atenga kamtengo ka machisa, atate atenga waya, mwana akuphupha, ndipo njere imene inali pakhomo ikankhidwira mkati mpaka kuboola kang'oma. Ena amathiramo madzi, kuiwala kuti nyemba ikanyowa imafufuma. Njere ya m'khutu siipha munthu usiku umodzi. Isiyeni, m'mawa mupite naye kucipatala kumene kuli nyali ndi zipangizo zake. Ngati ndi mphemvu kapena kacirombo kena kamoyo, ndipo khutulo silinakhepo mafinya, madontho ocepa a saladi yoyera amakapha kuti kaleke kupalasa, koma mupitebe kuti akakacotse.

Mwana akamatuluka mamina onunkha mbali imodzi yokha ya mphuno kwa masiku ambiri, kawirikawiri mumakhala kanthu kamene anaikamo ndipo akuopa kuulula. Koma pali kanthu kamodzi kosayenera kugona nako: kabatire kakang'ono kozungulira ka m'wochi, m'tochi ndi m'zidole. Kameneka kakalowa m'mphuno, m'khutu kapena kakamezedwa, kamaocha mnofu m'maola ocepa cabe. Imeneyo ndi ngozi ya nthawi yomweyo, usiku kapena usana.

Nshawa nazo tisamale nazo. Mwana wosakwana zaka 3 satafuna bwino, ndipo akaseka kapena kulira nshawa iri m'kamwa, ingathe kulowera njira ya mpweya. Amatsamwa, natsokomola kwambiri, kenaka nakhala ngati wacira, koma patapita masiku cifuwa ndi cibayo siziteka kubwerera. Mukafika kucipatala nenani kuti anatsamwa ndi nshawa tsiku lakuti, cifukwa mau amenewo ndi amene amatsogolera dotolo. Kuitulutsa kwake amamgoneka mwana ndi mankhwala ndi kulowetsa mpope wokhala ndi nyali. Tindalama tacitsulo, timene tinabwereranso m'manja mwathu mu 2013, nato timakonda kuima pa mmero wa ana. Ana aang'ono apatseni nshawa zosinja.

Cigayo, khofi, mankhwala ndi ukalamba

Si ana okha amene amataya kumva. Taimani pa cigayo ciriconse pa boma kapena kumudzi, muone mnyamata wogayitsa. Kuyambira m'mawa kufikira madzulo ali pambali pa injini, ndipo kuti mumvane naye muyenera kukuwa. Phokoso amaliyeza ndi muyeso wochedwa decibel, ndipo akatswiri amati phokoso lofika 85 kwa maola 8 tsiku ndi tsiku limaononga makutu. Muyeso wapafupi ndi uwu: ngati muyenera kukweza mau kuti munthu woima pafupi nanu akumveni, phokosolo ndi loopsa. Limapha timaselo ta m'kankhono kaja, ndipo tikafa sitiphukanso. Cizindikiro coyamba ndi kulira kwa m'makutu poweruka. Eni zigayo, macheni oceka matabwa ndi makina otongolera, gulirani anyamata anu zotseka m'makutu. Mtengo wake sufika pa thumba limodzi la cimanga. Acinyamata oika timawaya ta foni m'makutu tsiku lonse, ndi inu okhazika ana pafupi ndi masipika pa ukwati, nkhaniyi ikukhudzani.

Khofi la pa khutu lingathe kuboola kang'oma nthawi imodzi. Madotolo amaona zimenezi mwa ana omenyedwa ndiponso mwa azimai omenyedwa m'mabanja. Lamulo la ana la mu 2022 limaletsa cilango comenya mwana, koma ngakhale pakadapanda lamulo, ine amene ndinakoka khutu lodwala ndikuti dzanja likhale kutali ndi mutu wa mwana.

Mankhwala ena amphamvu amakhudza makutu. Akuluakulu akumbukira mmene kwinini anali kulizira m'makutu. Majekeseni monga gentamicin ndi streptomycin amapulumutsa moyo, koma akaperekedwa mopyola muyeso amagonthetsa, ndipo kugontha kwake sikubwerera. Ici ndi cifukwa cimodzi cosabayitsira jekeseni kwa munthu wa m'mudzi wosaphunzira nchitoyi. Ngati muli pa mankhwala a kucipatala ndipo m'makutu mwayamba kulira kapena kumva kwacepa, musaleke nokha, koma kauzeni amene anakupatsani mwamsanga.

Nanga nkhalamba zathu? Ambuya akayamba kuyankha zosiyana ndi funso timawaseka, kenaka timaleka kuwauza nkhani, mpaka amakhala okha pakati pa anthu. Ena amanenedwa kuti asokonezeka mutu, pamene vuto ndi makutu cabe. Nthawi zina ndi phula louma limene latseka njira, ndipo acipatala akalifewetsa ndi kulitsuka, munthu amamva tsiku lomwelo. Phula si litsiro. Limateteza khutu ndipo limatuluka lokha. Timitengo ta thonje, nthenga ndi zotsekera za bolopeni zimangolikankhira mkati. Ngati ndi kugontha kwa ukalamba, pali timakina tovala kukhutu tokweza mau, timene amapereka atayamba ayeza makutu onse awiri. Polankhula ndi munthu wotere muyang'aneni kumaso, pa malo owala, mulankhule momveka ndi mosathamanga. Kukuwa sikuthandiza.

Mphuno ndi khosi

Kamfuno amavuta kwambiri m'miyezi yotentha ndi ya fumbi. Ambiri timagadamitsa mutu, ndipo magazi amatsikira kumimba. Njira yoyenera ndi kukhala pansi, kuweramira kutsogolo pang'ono, ndi kutsina mbali yofewa ya mphuno kwa mphindi 10 kapena 15 osalekeza, uku mukupumira kukamwa. Akapanda kuleka, kapena akamabwera kawirikawiri, pitani kucipatala. Munthu wamkulu apimitsenso BP. Mwana amene amagona kukamwa kuli yasa, kuliza mkonono ndi kubanika usiku uliwonse, kawirikawiri ali ndi tinyama totupa kuseri kwa mphuno kapena pa mmero. Ameneyu amadzuka wotopa, sakula bwino, ndipo makutu ake amadwaladwala. Madotolo a ENT amacotsa tinyama timeneti pa opaleshoni yaifupi.

Pa 3 Febuluwale Akatolika timakumbukira Blaise Woyera, episkopi wa ku Sebaste, amene mbiri yake imati anapulumutsa mnyamata wotsamwa ndi munga wa nsomba, ndipo ansembe amadalitsa makosi ndi makandulo awiri opingasa. Pa 3 Marichi dziko lonse limakumbukira tsiku la kumva. Masiku awiriwa anayandikana bwino, pakuti dalitso sililetsa munthu kupita kucipatala. Munga ukaima pakhosi ndipo munthu akulephera kumeza malovu, musamkakamize kumeza mbamu zazikulu za nsima, mungauzamitse.

Zilonda za pakhosi mwa mwana wa zaka 5 kufikira 15, zobwera ndi kutentha thupi koma popanda cifuwa kapena mamina, zisanyozedwe. Zina mwa izo zimayamba ndi tizirombo timene, tikapanda kuphedwa ndi penicillin, timacititsa thupi kuononga zitseko za mtima wake womwe. Patapita zaka mnyamata kapena mtsikana ayamba kupuma movutika ndi kutupa miyendo, ndipo palibe akumbukira zilonda zija. Mankhwala ake ndi ochipa, koma ayenera kumwedwa onse monga anenera acipatala.

Kwa ife akuluakulu, makamaka osuta fodya ndi okonda kacasu, cenjezo ndi ili: mau akasasa kupyola masabata atatu, kumeza kukamavuta, cilonda ca m'kamwa cikakana kupola, kapena pakhosi pakamera cotupa cosawawa, kapimitseni. Cingakhale cifuwa cacikulu cimene cafika pa mmero, cingakhale cithokomiro, cingakhalenso khansa. Dotolo amayang'ana ndi kagalasi kapena kampope kopyapyala kolowera m'mphuno, ndipo akakayika amatapa kanyama kukapima. Cipatala ca khansa ca ku Lusaka, Cancer Diseases Hospital, cinatsegulidwa mu 2007, ndipo khansa ya pakhosi ikapezeka msanga imaciritsika. Ambiri amafika mocedwa cifukwa anataya miyezi akuti ndi cimfine, kapena akufunafuna amene anawalodza.

Njira yopita kwa katswiri

Coonadi n'cakuti madotolo ameneŵa ndi ocepa m'dziko muno, ndipo ambiri a iwo ali ku Lusaka ndi ku Copperbelt. Unduna wa Zaumoyo unaliona vutoli, ndipo unakonza pulani yapadera ya matenda a makutu, mphuno ndi khosi ya zaka za 2017 kufikira 2021. Anansi athu a ku Malawi anadutsa njira yomweyi. Dr Wakisa Mulwafu wa pa cipatala ca Queen Elizabeth ku Blantyre kwa zaka zingapo anali yekha katswiri wa nchitoyi m'dziko lonselo, ndipo anaona kuti munthu mmodzi sangakwanitse, motero anayamba kuphunzitsa ma clinical officer ndi alangizi a zaumoyo a m'midzi kuti matenda ambiri azithera kufupi ndi kwao. Nzeru yake ndi yoona kwa ifenso: makutu ambiri amapulumukira pa kiliniki, osati pa tebulo la opaleshoni.

Njira yake imayambira pa kiliniki yapafupi. Akalephera amakupatsani kalata yopita nayo ku cipatala ca boma la Chadiza, ndipo kucokera kumeneko amatumiza ku zipatala zazikulu monga Chipata Central kapena St Francis ku Katete. Zofuna katswiri weniweni zimapita ku Lusaka, mtunda wa makilomita oposa 500 kucokera ku Chipata. Kumeneko kuli University Teaching Hospital, Levy Mwanawasa, ndi cipatala ca ana ca Beit CURE cimene cinatsegulidwa mu 2006 ndipo cimadziwika ndi nchito ya makutu ndi kuyeza kumva. Nthawi zina akatswiri amayendera zipatala za m'zigawo kwa masiku ocepa; funsani pa kiliniki ndipo muzichera khutu ku zilengezo za pa wailesi. Kalata yotumiza, khadi la sikelo la mwana ndi mapepala onse a mankhwala musazisiye. Amene muli ndi khadi la NHIMA mulitenge.

Mnyamata wanga uja anayenda njira yonseyi. Poyamba ambuya ake anakana, poopa kuti opaleshoni ya pafupi ndi ubongo idzamupha. Tinakakhala pansi ndi atsibweni ake, pakuti kwathu kuno mwana satuluka m'mudzi iwo osalola. Anamvetsera nthawi yaitali, kenaka anati, "Aphunzitsi, ngati ndi tero, nshawa za caka cino zipite." Anagulitsa matumba awiri ndi mbuzi imodzi kuti apeze ya basi ndi ya cakudya. Makutu anayamba aumitsidwa pa kiliniki kwa masabata angapo. Ku Lusaka khutu la kumanja analiika cigamba ndipo linayamba kumva bwino. La kumanzere linali litadyeka kale. Analiyeretsa kuti lisamuphe, koma kumva kwake kunabwerako pang'ono cabe. Dotolo anauza atsibweniwo kuti akadabwera mwanayo ali ndi zaka 3, mwina sipakadafunika mpeni. Botolo la mankhwala odontheza ndi kansalu koyera zikadasunga mbuzi m'khola ndi khutu pamutu.

Amene sadzamvanso

Si kugontha konse kumene kumaciritsika. Ana ena amabadwa osamva, ena amagontha atadwala malungo aakulu kapena matenda oumitsa khosi. Cofunika ndi kuzindikira msanga, pakuti mwana amaphunzira kulankhula pomva ena. Khanda liyenera kudzidzimuka citseko cikamenyetsedwa. Pa miyezi 6 liyenera kuceukira kumene kwacokera mau. Pofika caka cimodzi liyenera kubwebweta ndi kudziwa dzina lake, ndipo pa zaka ziwiri kulumikiza mau awiri. Zikapanda kutero musadzitonthoze kuti atate ake naonso anacedwa kulankhula. Kamuyezetseni.

Mwana wosamva si citsiru, ndipo si wobisa kuseri kwa nyumba kapena wongotuma kubusa ng'ombe. Cigawo cathu ca Kum'mawa ciri ndi mbiri yonyaditsa pa nkhaniyi. Pa Magwero, pafupi ndi Chipata, pamene amishoni a Dutch Reformed anafika mu 1899, panayambika sukulu ya akhungu mu 1905, ndipo mu 1955 Ella Botes anatsegulapo sukulu ya ana osamva, yoyamba m'dziko muno. Ana amaphunzira kuwerenga, kulemba ndi cinenero ca manja, cimene timaona pa nkhani za pa ZNBC. Lamulo la anthu olumala la mu 2012 limati ali ndi ufulu wa maphunziro monga wina aliyense. Ofesi ya maphunziro pa boma ingakuuzeni sukulu kapena kalasi lapadera limene lingamlandire.

Mau otsiriza

Pempho langa kwa makolo, aphunzitsi, atsogoleri a m'mipingo ndi mafumu ndi lapafupi. Madzulo ano imani kumbuyo kwa mwana wanu, masitepe angapo, pa malo opanda phokoso, ndipo mumuitane ndi mau apansi, mbali iyi kenaka mbali inayo. Yang'anani pa pilo kapena pa mphasa ngati pali madontho a mafinya. Aphunzitsi, mwana amene amayang'ana pakamwa panu, amene amatembenuza mutu kuti achere khutu limodzi, kapena amene magiredi ake atsika popanda cifukwa, muikeni kutsogolo ndipo muitane makolo ake. Pa kiliniki musaope kunena kuti, "Conde, muoneninso m'khutu," ndiponso musaope kupempha kalata ngati mwabwera kangapo popanda kusintha. Akulu anati safunsa anadya phula.

Mnyamata uja tsopano ndi wamkulu. Pa msonkhano amakhala kutsogolo, khutu la kumanja atalozetsa kwa wolankhula, ndipo mayankho ake amaposa a ambiri amene anali kumseka. Ndinampepesa kalekale, iye anangoseka. Koma kuyambira nthawi imeneyo, ndisananene mwana aliyense kuti ndi wosamva, ndimayamba ndadzifunsa kuti ndi kusamva kuti kumene ndikunena.